Usakamuchotse Namaona Pakhondepo

Sisiliya mwana wanga,

Wapita kukatsanzika anzako kutsidya kwa khwawa, ndiye ine ndapempha pepala kwa amuna ako, ndakhala pansi pa mpoza kuti ndikulembere dzuwa lisanapendeke. Dzanja langa ndi la khasu. Zilembo ndinaziphunzira nditakula kale, nditakhala pakati pa ana, choncho ukaona mizere yokhota usaseke. Ndikanakuuza pakamwa, koma kuyambira dzulo ndikadziyesa ndikuona kuti ndikangoyamba ndikalipa mpaka alendo amve, ukwati wako n'kusanduka mlandu. Ndiponso uli ndi chizolowezi chako chija chonena kuti "ndamva amayi" munthu asanamalize. Pepala sungalidule mawu.

Mawa ukunyamuka kupita ku Limbuli, kumene amuna ako ndi mphunzitsi wa tchalitchi. Ukwati tinauthamangitsa kuti uchitike Lenti isanalowe, moti ukangofika, Lachitatu la Phulusa lili pakhomo. Anthu a kumeneko akayamba kukudziwa uli ndi phulusa pamphumi. Amayi onse akaziyang'ana iwe: mmene ukugwadira, mmene ukusalira kudya, amene ukumupatsa moni ndi amene ukumulambalala. Chimene ukachite iwe, iwo akachita chomwecho. N'chifukwa chake mawu ako a dzulo andikhala pachifuwa ngati mwala.

Dzulo paphwando, azilamu ako a ku Limbuli ankasimba za mkulu wina wa kwawoko amene abatizidwe pa Pasaka. Akuti wachotsa mkazi wake wamng'ono, dzina lake Namaona, ali ndi khanda kumbuyo. Kwawo kwa mkaziyo ndi kutsidya kwa mtsinje wa Muloza, madzi adzaza, kopita alibe, ndiye akugona pakhonde la tchalitchi. Azilamu akowo anaseka. Iwe unaseka kuposa onse, ndipo unati, "Musade nkhawa, ine ndikakafika ndikamuchotsa. Wamitala sangamaipitse khonde la Mulungu m'nyengo yoyera." Ine ndinali kumbuyo kwako, ndikutsanula thobwa. Ndinaika chikho pansi n'kupita kuseri kwa nyumba, chifukwa dzanja limafuna kuchita zimene mkwatibwi sachitidwa.

Iwe Sisiliya! Pakamwa pamene ndinayamwitsa ine patuluke mawu amenewo? Wamitala ndani? Anakubala ndani? Sukunena zimenezi chifukwa sudziwa. Unalipo, unali ndi maso, mano akutsogolo anali atayamba kuguluka. Wangosankha kuiwala chifukwa wavala nsalu yoyera ndipo wakwatiwa ndi munthu wodziwa buku. Ndiye khala pansi, ndikukumbutse.

Unali khanda pamene tinawoloka Muloza, tikuthawa asilikali a Apwitikizi amene ankagwira anthu kupita nawo ku chibalo. Tinali anayi: bambo ako, mkazi wawo woyamba a Ekari, amene unkawatcha amayi aakulu, ine mkazi wachiwiri, ndi iwe kumbuyo kwanga. Abale anga anathawira kwina, ndipo mpaka lero sindidziwa kumene kuli manda a amayi anga. Kwathu mwamuna ndiye amabwera pamudzi wa mkazi, ndipo banja likatha amanyamula mkeka wake n'kumapita, mkazi n'kutsala pakati pa abale ake. Kuno zinatembenuka. Malo anali a mzungu wa munda wa tiyi, ndipo ankapatsa mwamuna pomanga ndi polima, mwamunayo n'kumalipira ndi thangata. Mkazi wopanda mwamuna analibe pansi poponda. Namaona ali pomwepo lero. Usakamufunse kuti bwanji sakupita kwawo.

Usaganize kuti ine ndi a Ekari tinkakondana. Tinakanganapo za mchere, za mtondo, za nkhuku imene inaikira m'nyumba ya wina. Ana awo anamwalira tisanathawe, ndipo akakuona ukuyamwa ankatembenuza nkhope. Lilime lawo linali lakuthwa ngati chikwakwa. Langa nalonso silinali lobuntha.

Kenaka kunabwera sukulu ya tchalitchi pamudzi, ndipo bambo ako ndi a Ekari analowa kalasi ya ubatizo. Anaphunzira zaka zingapo. Ine sindinkaloledwa, chifukwa ndinali wachiwiri. Tsiku lina, Lachitatu ngati limene likubwerali, bambo ako anaima pakhomo panga phulusa lili pamphumi. Sanalowe, sanakhale ngakhale pansi.

Anati, "Aphunzitsi anena kuti pa Pasaka pano tibatizidwa, ine ndi Ekari. Koma Mkhristu ndi wa mkazi mmodzi, woyambayo. Kuyambira lero sindilowanso muno."

Ndinati, "Ndamva. Nanga ine ndi mwanayu tikhala bwanji? Nyumbayi akapitao aisiya?"

Anati, "Usandifunse zambiri. Ndasala kudya lero, mutu ukundipweteka."

Mutu ukuwapweteka! Munthu akutaya mkazi ndi mwana, koma chimene akumva kuwawa ndi mutu wake. Mvetsa bwino, mwana wanga, lamulo la mkazi mmodzi sindilitsutsa. Ndine Mkhristu, ndipo sindikanafuna kuti iwe ugawane mwamuna ndi wina. Koma lamulo linati achoke pamphasa yanga. Silinati andiiwale ngati nsanza yotsala pa minga. Ukasala kudya, Sisiliya, njala yako isakhale chikopa chobisalirako anthu akamakufunsa zinthu zoona. Ukaona kuti kusala kwakusandutsa waukali ndi wogontha, pita ukadye chinangwa, ubwere udzamvere munthuyo. Mulungu sapindula kanthu ndi mimba yako yopanda kanthu.

Sabata lisanathe anabwera akapitao ndi anthu awo. Anati nyumba yopanda mwamuna wa thangata siyenera kuima pamalo a bwana. Anakwera pamwamba n'kuyamba kusasula udzu, ife tikutulutsa miphika. Inali nthawi ngati ino, mvula ili pakati, chimanga chisanakhwime, nkhokwe zonse zili pululu. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna bambo ako. Ndinawaona ataima patali pansi pa mtengo, kolona ili m'manja, milomo ikugwedera. Ankapemphera. Akanangoyenda pang'ono n'kunena kuti, "Akapitao, isiyeni, thangata lake ndigwira ine," denga likanatsala. Koma ankaopa kuti aphunzitsi amva kuti akusamalabe za ine, ndiye anapereka nkhaniyo kwa Mulungu, manja awo n'kutsala oyera. Pemphera, mwana wanga, m'mawa ndi madzulo, ndipo usaphonye. Koma usapemphe Mulungu kuti anyamule chimene waika kale patsogolo pa manja ako. Pemphero lotero ndi ulesi wovala nsalu ya Sabata.

Tinakagona pansi pa nkhokwe ya anthu ena, pamodzi ndi nkhuku. Njira ya ku tchalitchi inkadutsa pomwepo. Lachisanu lililonse amayi a kalasi ankapita ku Njira ya Mtanda, akuimba za mayi uja amene anapukuta nkhope ya Ambuye ali ndi mtanda paphewa. Ankaimba mokoma, ena misozi ili mbwembwembwe. Akafika pankhokwe paja onse ankayang'ana kuphiri. Tsiku lina iwe unathamangira mmodzi wa iwo, mayi amene ndinkasinja naye, n'kugwira nsalu yake. Anakukutumula ngati wagwidwa ndi chitedze, nati, "Choka iwe, tili pa pemphero!" Unagwa m'matope ndipo sunalire, unangomuyang'ana. Sisiliya, dzulo unalankhula ndi mawu a mayi ameneyo. Ndinawamva bwinobwino. Anthu olirira Ambuye a pachithunzi, koma nkhope yamatope imene ili m'mbali mwa njira osaipukuta. Ukakhala mmodzi wa iwo, kuimba kwako kukhala phokoso chabe.

Amene anapatuka panjira anali munthu amene sindinkamuyembekeza. Madzulo ena, dzuwa likulowa, ndinaona a Ekari akubwera ndi mbale ya nyemba za kalongonda. Ukudziwa kuvuta kwake kalongonda, kuphika tsiku lonse, kutaya madzi, kuthiranso ena. Anaika mbaleyo patsogolo panga osanena moni. Ine mtima unandiwira, ndinaganiza kuti abwera kudzaonerera mmene wogonja akukhalira. Ndinaikankha ndi phazi, kalongonda yense mbwee m'matope.

Sanakalipe. Anagwada n'kuyamba kutola mmodzimmodzi, natsuka ndi madzi a mvula amene anali m'phale, nakupatsa iwe. Unadya ngati mwana wa mbalame. Kenaka anandiyang'ana, nandiuza m'Chilomwe chathu kuti, "Kukukonda sindikukonda, ndipo iwe ukudziwa. Koma ine ndasala lero, ndiye chakudya ichi si changanso. Chili ndi mwini wake. Ukachitaya mawa, nditolanso."

Anabweradi mawa lake, ndi mkucha, ndi masiku onse otsatira. Chimene akanadya masana ndicho chinkabwera kwa ife. Inali nthawi ya njala, Sisiliya, sankatapa pa zochuluka. Ndinawaona mikono ikuchepa. Kusala kudya ndinakuphunzira pamenepo, ndisanalowe ngakhale m'tchalitchi. Chimene wadzimana chiyenera kufika pakamwa pa wina. Ukachisunga kuti udzadye usiku kapena pa Pasaka, sunasale, wangosamutsa chakudya. Ndiponso usadikire kuti mtima wako uyambe wamukonda munthu. Mtima ndi waulesi, umabwera pambuyo. Yambitsa miyendo.

Kenaka iwe unadwala chifuwa. Thupi linatentha, kupuma kumamveka ngati munthu akucheka mtengo. A Ekari atakuona sanafunse munthu. Anakunyamula kupita nawe kunyumba kwawo, ine ndikutsatira ndi miphika. Bambo ako atatiwona pakhomo anadzidzimuka.

Anati, "Ekari, ukundiphera ubatizo! Aphunzitsi anati ndisagone denga limodzi ndi ameneyu."

A Ekari anati, "Anena zoona aphunzitsi. Ndiye tengani mkeka wanu mukagone kwina. Inu muli ndi mapapo abwino."

Anatulukadi bambo ako, nakagona kwa mnzawo. M'mawa mudzi wonse unali utamva kuti mkazi wa kalasi watulutsa mwamuna wake n'kulowetsa mkazi mnzake. Anabwera mphunzitsi wa nthawi imeneyo. Dzina lake sindilemba, ana ake alipo ndipo sanalakwe kanthu. Anaima pabwalo nati, "Mayi, mwabweza mitala pakhomo pamene tinayeretsa. Mukapanda kumutulutsa, madzi a ubatizo simuwaona chaka chino."

A Ekari anali akukupaka mafuta otentha pachifuwa. Anayankha osadzuka, "Mitala yatha, aphunzitsi. Mwamuna ali uko, ife tili kuno. Chatsala muno ndi mwana wodwala."

Mphunzitsi anati, "Anthu sakuona choncho."

"Ndiye muwauze inu, poti amakumverani."

Sanawauze. Ansembe ankachokera kutali ndipo ankangofika nthawi ya Pasaka, akudalira zimene mphunzitsi wawauza. Dzina la a Ekari linachotsedwa ansembewo asanafike. Pa Pasaka bambo ako anabatizidwa, natchedwa Yosefe, atavala zoyera, anthu akululutira. A Ekari anaima panja pamodzi ndi ife, iwe uli kumbuyo kwawo, utachira koma miyendo idakali yofooka. Pamaso pa anthu sanagwetse msozi. Koma pobwerera anakhala pamwala m'mbali mwa njira, nalira mmene sindinaonerepo munthu wamkulu akulira. Zaka zonse zija anaphunzira mapemphero, kuyenda m'mvula kupita ku kalasi, akufunitsitsa madzi amenewo kuposa bambo ako. Ndikukuuza izi kuti usanamizidwe. Kukonda mnzako kumadula. Kukakudya ulemu umene wangoupeza kumene, mwina azilamu ako akasiya kukuchezera. Ukalira, lira, koma usabwerere m'mbuyo.

Mvula itatha tinamanga kanyumba kanga kuseri kwa yawo, awiriwiri, mitengo tikudula tokha. Akapitao atabweranso, a Ekari anatambasula manja nati, "Ngati bwana akufuna manja, awa ndi awa." Tinapalira tiyi chaka chonsecho, mzere wanga pafupi ndi wawo. Bambo ako anabwerera m'nyumba mwawo, ine ndili mwanga, ndipo palibe choipa chinachitika. Kukangana sitinasiye, ayi. Ankanenabe kuti ndiwo zanga zimachuluka mchere.

Mvula yotsatira anadwala a Ekari. Bambo ako anali atatumidwa ulendo wautali kunyamula katundu wa mzungu, mphunzitsi anali kutsidya, mitsinje yonse itasefukira. Nditaona kuti maso awo alowa, ndinafuna kuthamanga kukaitana anthu. Anandigwira mkono.

Anati, "Tenga madzi."

Ndinati, "Akulu, ine sindine Mkhristu. Ndingakubatizeni bwanji?"

Anati, "Tinaphunzira kuti pa imfa aliyense angathe, bola achite chimene Mpingo umachita. Mawu ndikuuza ine. Dzina ndinasankha kale, Monika. Fulumira, usandichedwetse monga umachitira pamtondo."

Ndinatunga madzi m'chikho, iwo akunena mawu, ine ndikubwereza, madzi akutsika pamphumi pawo. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Ansembe atabwera pa Pasaka wotsatira n'kumva nkhani yonse, anamudzudzula mphunzitsi pamaso pa akulu a mpingo, nati ubatizowo ndi woona, ndipo lamulo silinanenepo kuti mkazi wochotsedwa atayidwe pamvula. Anali mawu abwino, koma anafika udzu utamera kale pamanda. Ine ndinalowa kalasi chaka chomwecho. Sindinalowe chifukwa cha ulaliki wa munthu. Ndinafuna kudziwa Mulungu amene anagwaditsa mayi wouma mtima uja m'matope kutolera mwana wanga kalongonda.

Za bambo ako ndikuuzenso, kuti usati ndikukuphunzitsa kudana nawo. Nkhondo ya azungu itabwera n'kuyamba kugwira amuna a mtengatenga, iwo anagwidwa nawo. Tsiku lonyamuka anadzaima pakhomo panga, monga anaimira kale lija, nati, "Agnesi, denga lija ndinalakwa." Ndinafuna kuwafunsa ngati mutu unasiya kupweteka. Ndinadziluma lilime, n'kuwamangira makaka, chinangwa chouma cha panjira. Mpaka lero sanabwere, ndipo sitidziwa ngati ali moyo. Ndimawapempherera tsiku lililonse. Masiku ena ndimapemphera mano ali gwa, koma ndimapemphera. Nawonso ndi mnzanga amene ndinalamulidwa kumukonda, ndipo sindinapatsidwe mwayi wosankha.

Tsopano mvera zimene ukachite. Ukapita kukalapa, usakataye nthawi ya ansembe ndi tinkhani ta kuti unalawa msuzi wa nyama Lachisanu. Ukanene mawu a dzulo aja, monga unawanenera, ndi kuseka kwake komwe. Limenelo ndiye tchimo lako la Lenti ino.

Ukafika ku Limbuli, usanayale ngakhale mphasa yako, pita pakhonde paja. Pita wekha, masana, anthu akuona. Usatumize chakudya ndi munthu wina ngati ukuponyera galu. Ukakhale pansi pamene wakhala iye, umupatse moni waulemu, unyamule khandalo. Akakutukwana usadabwe, munthu wotayidwa amaluma dzanja loyamba kumufikira. Ubwerenso mawa lake. Usakamulalikire. Ulaliki waumva wokwanira, ndiwo wamufikitsa pakhondepo.

Kenaka ukalankhule ndi amuna ako, mwaulemu, muli awiri. Ndawaona, ndi munthu wofatsa, koma anthu ofatsa amaopa akulu a mpingo, ndipo mantha otere ndiwo anasasula denga langa. Ukawauze kuti mkulu uja, madzi asanakhudze mutu wake, amange nyumba ya Namaona, amupatse polima, aone kuti mwana wake akudya. Asiye mphasa yake, inde, koma asasiye udindo. Akati zimenezo n'zovuta, uwawerengere kalata ino. Akati anthu anena chiyani, uwauze kuti anthu amamvera mphunzitsi, ndiye awauze iwo chonena. Kufikira nyumbayo itafoleredwa, Namaona agone kwanu. Ndikudziwa kuti ndinu akwati atsopano ndipo nyumba ndi yaing'ono. Mudzimane. Nyengo yake ndi imeneyi.

Ndikubwereza, Sisiliya, poti makutu ako ndimawadziwa: usakamuchotse mkazi ameneyo pakhondepo, pokhapokha ukumutengera pansi pa denga.

Pa Pasaka ndibwera ku Limbuli, mawondo alole asalole. Ndikakapeza kuti Namaona ali pouma ndipo khanda lake lanenepa, ndidzavina pabwalo pako mpaka azilamu ako achite manyazi. Ndikakamupeza akadali pakhonde, kapena ndikamva kuti anathamangitsidwa n'kukayesa kuwoloka Muloza madzi ali odzaza, ndidzamufunafuna ndekha mpaka ndimupeze, ndibwere naye kuno, ndipo pakhomo pako ndidzadutsa osalowa.

Mtolo wako ndamanga kale, uli pafupi ndi chitseko. Ukaumasula ukapeza mphasa ziwiri zatsopano. Imodzi si yako.

Yenda bwino, mwana wanga. Ndakwiya nawe kwambiri, ndipo mawa ndikuperekeza mpaka pamlatho.

Ndine amayi ako,
Agnesi